Khadi la Damaris

Kutatsala ola limodzi ndi theka kuti kulembetsa kutsekedwe, khadi la Damaris linasowa m'chitini.

Mayi Irene Goma anali pakati pa bwalo, wezulo ili pakhosi, pamene anamva akuitanidwa. Iwo anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo ndi amene anayambitsa kalabu ya liwiro ya ana pa boma la Chama, pabwalo la kuseri kwa tchalitchi. Kalabuyo inalibe wantchito wolipidwa ngakhale mmodzi. Inkayenda ndi manja a makolo: uyu kulemba mizere, uyu kutunga madzi, uyu kugwira chingwe cha pomalizira. Mayi Irene ankakonda kunena kuti Mulungu sanawapatse nsapato zothamangira, koma anawapatsa anthu.

Loweruka limenelo linali tsiku lalikulu. Mkulu wa zamasewera anali atabwera kuchokera ku Chipata kudzasankha ana, ndipo pa liwiro lililonse wopambana yekha ndiye ankayenera kupita ku mpikisano wa chigawo chonse. Lamulo lake linali limodzi: mwana aliyense aonetse khadi lake la kusikelo, lija amapatsidwa ku kiliniki akangobadwa, chifukwa ndi limene limanena zaka zake zenizeni. Wopanda khadi sathamanga. Buku lake ankalitseka pa teni awazi.

"Madamu! Bwerani kuno msanga!"

Anali Sisita Cathrine, namwino amene mwana wake analinso m'kalabumo. Ntchito yake inali yosunga makhadi onse m'chitini cha mabisiketi. Anaima pansi pa mtengo wa bwemba, pafupi ndi tebulo, chitini chili m'manja.

"Makhadi analipo makumi atatu ndi limodzi. Manje atsala makumi atatu. La Damaris palibe."

Damaris anali mtsikana wa ku Kambombo, wamasiye, wa zaka khumi ndi ziwiri koma wamtali ngati bango. Ankathamanga wopanda nsapato, ndipo pa mamita mazana anayi panalibe mwana amene anamutsogolerapo. Anaima chapatali, manja ali kumbuyo, osalira. Kusalirako n'kumene kunawapweteka Mayi Irene.

Makolo anali atazungulira kale tebulo.

"Ndi a Friday!" anafuula mayi wina. "Si omwewa ananena sabata yatha kuti mwanayu ndi wamkulu?"

"Akufuna Juliet wawo apite ku Chipata!"

A Friday anali mlimi amene ankalemba mizere ya pabwalo. Mwana wawo Juliet ankabwera wachiwiri nthawi zonse, pambuyo pa Damaris. A Oscar, wapolisi amene tsikulo anabwera ngati kholo kudzagwira chingwe, anali atawagwira kale pamkono.

"A Oscar," anatero Mayi Irene, "lero si inu wapolisi, ndinu wa chingwe. Koma poti mwayamba kale, secheni matumba onse amene ali pano. Ine ndifunse anthu. Mundipatse ola limodzi."

"Ola limodzi, Madamu. Likatha, ndine wapolisi."

Mayi Irene anatseka maso kamphindi. Ambuye, anatero mumtima, Inu munalipo pamene khadilo linkatuluka. Ndionetseni chimene munaona.

*

"Nenani zonse, a Sisita, kuyambira pamene munafika."

Sisita Cathrine anakulira ku Kopala, m'matauni a migodi, ndipo ankalankhula mofulumira, chala chili pa wotchi ya pachifuwa, ngati akupereka lipoti kwa dokotala.

"Seveni awazi ndafika. Makolo akubweretsa makhadi, ine ndikuchonga pa pepala. La Damaris anabweretsa ndi a Vainess, amayi ake aang'ono amene amamulera. Ndinaliika ndi manja anga awa. Hafu seveni abwana a ku Chipata afika. Akuti chaka chino salemba pamanja chabe, ajambula khadi lililonse pa foni, kunja ndi mkati, atumize ku gulu la aphunzitsi a chigawo chonse. Awe, ine sindinakonde, koma ndinati tikambirana nthawi yake ikafika."

"Anamva mawuwo ndani?"

"Onse amene anali pa tebulo. Amalankhula ngati ali pa maiki, bambo aja."

"Chitini munachisiyapo chokha?"

"Kamodzi. Kotala tu eiti kamwana kena kaponda munga kumapeto uko. Ndinaika chitini pansi pa tebulo, pamodzi ndi matumba a azimayi, n'kuthamanga. Mphindi khumi basi. Eiti awazi tinapemphera tonse, munalipo. Hafu eiti ndatsegula, palibe."

Mayi Irene anatenga chitinicho n'kuchitembenuza padzuwa. Chivundikiro chake chinali chabuluu, chonyezimira, chopanda banga. Anayang'ana makhadi otsalawo limodzi limodzi, apinki a atsikana, abuluu a anyamata. Onse anali oyera bwino.

"Pobwerera kuchokera kwa kamwanako, munaona chiyani?"

Sisita Cathrine anatsitsa mawu. "Sindifuna kunamizira munthu, Madamu. Koma ndinaona a Friday akutuluka pansi pa tebulo. Chokwawa."

*

A Friday anali atakhala pa ndowa yozondotsa, anthu atawatalikira. Mizere ya pabwalo ankailemba ndi phulusa la mtengo wa tsanya, loyera ngati ufa, limene ankabwera nalo m'saka. Sankagwiritsa ntchito chitini chobowola ngati anthu ena. Ankatapa ndi manja awiri, ati mzere wa pamanja suyenda mokhota. N'chifukwa chake anali mbuu mpaka m'zigongono.

"Ndinalowamo, Madamu, sindikana. Ndimakatenga chingwe choyezera, chimakhala pansi pa tebulo pomwepo. Kapena manje chingwe nachonso chili ndi tsiku lobadwa?"

"Munanenadi kuti Damaris ndi wamkulu?"

"Ndinanena! Pakamwa panga mukupadziwa, palibe mabuleki. Ndinati mwana uyu mutu ndi wa giredi sikisi koma miyendo ndi ya sekondale. Kunali kuseka chabe. Juliet wanga wauona msana wa Damaris zaka ziwiri, mpaka amaudziwa kuposa nkhope yake. Zimandiwawa, eee, ndine kholo. Koma kubera mwana wamasiye? Ndiye Lamlungu ndikakhale pa benchi iti?"

Anaseka. Juliet anali ataima kuseri kwa mtengo, akuyang'ana atate ake.

"Phulusa munayamba kuligwira nthawi yanji?"

"Sikisi awazi, dzuwa lisanapse. A Sisita ndi chitini chawo anandipeza ndili pa mzere wachitatu."

"Munasamba m'manja kangati?"

"Ndi madzi ati? Azimayi a madzi aja amandithamangitsa ngati mbuzi. Ati madzi ndi a ana, inu mukasambe kwanu."

Mayi Irene anatambasula chikwama chawo chakuda. "Gwirani apa."

A Friday anagwira ndi nsonga za zala. Pachikwamapo panatsala madontho anayi oyera. Mayi Irene anapita pa tebulo n'kuwerama. Pa mwendo wa tebulo panali chikhatho chathunthu, choyera, pamene munthu anatsamira potuluka. Pa chitini panalibe ngakhale kadontho.

"Pamene mumakwawa, pafupi panali ndani?"

"Panalibe munthu. Onse anathamangira kukaona munga. Aa, kupatula a Vainess, anali pa benchi apo. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Ndinati mwina ali m'pemphero."

Wotchi ya Mayi Irene inkati naini awazi yadutsa ndi mphindi khumi.

*

A Oscar anabwera akupukuta thukuta, malaya awo ali ndi phulusa paliponse pamene a Friday anawakhudza.

"Matumba khumi ndi anayi ndasecha, Madamu. Zitenje, mbatata zophika, mafoni, thewera limodzi limene sindifuna kulikumbukira. Khadi palibe. Wokayikiridwa ndi mmodzi yemweyo. Mwina analikwirira m'saka la phulusa."

"Akanalikhudza, chitini chikanatiuza. Taonani malaya anuwo. M'thumba la a Vainess munapezamo chiyani?"

"Botolo la madzi. Mpango. Baibulo. Ndi buku la nyimbo, lomanga ndi mphira ya njinga."

"Lomanga?"

"Mwina likuthothoka masamba."

"Munalitsegula?"

A Oscar anabwerera m'mbuyo ngati atukwanidwa. "Madamu! Ine ndine munthu wobatizidwa. Buku la m'nyumba ya Mulungu ndilipapase ngati thumba la wakuba nkhuku? Ndinalinyamula ndi manja awiri, n'kulibwezera."

Maganizo a Mayi Irene anali atabwerera pa eiti awazi.

Kalabuyo sinkayamba chilichonse isanapemphere. Ana ndi makolo ankaima mozungulira, a Vainess, amene ankatsogolera kwaya ku tchalitchi cha kwawo, n'kuyambitsa nyimbo. Inali nyimbo imodzimodzi Loweruka lililonse, ya ndime zinayi. A Vainess ankaidziwa pamtima kuyambira ali mwana, komabe sankaimba buku lili chotseka. Ankalitsegula, n'kulitsitsa pansi kuti tiana toyandikana nawo tione, chala chikuyenda pa mzere uliwonse. Ankati mwana aphunzire kuti nyimbo ili ndi kwawo.

M'mawa umenewo bukulo linali pachifuwa, atalikumbatira ndi manja onse awiri. Ndipo anaimba ndime yoyamba, yachiwiri, kenako yachinayi. Mayi Irene anali atatsegula kale pakamwa kuti ayambe yachitatu, n'kupeza ali okha. Pa nthawiyo anangoti mwina mnzawoyo akufulumira chifukwa cha mlendo.

Ndime yachitatu ndi ija imapempha Ambuye kuti afufuze mumtima ngati muli chobisika.

"A Oscar, a Friday musawasunthe. A Vainess ali kuti?"

Pa benchi panalibe munthu.

*

Mayi Irene anakapeza a Vainess mbali ina ya tchalitchi, atakhala pa sitepe ya chitseko chaching'ono, thumba lili pamiyendo. A Vainess anali mayi wochepa thupi, wofatsa, amene Loweruka lililonse ankapalasa njinga kuchokera ku Kambombo, Damaris ali pakaliyala, kuti miyendo ya mwanayo isatope asanathamange. Sanaphonyepo ngakhale nthawi ya matope.

Mayi Irene anakhala pambali pawo. Mawondo analira.

"A Nyazimba," anawaitana ndi dzina la mfunda wawo, "mundibwereke buku lanu. Ndikufuna ndime yachitatu."

"Mumaidziwa, Madamu."

"Ndimaidziwa. Inunso mumaidziwa. Koma lero yakukanikani kukhosi."

Kubwalo kunkamveka ana akuseka, osadziwa kanthu. Kenako a Vainess anatulutsa bukulo, namasula mphira pang'onopang'ono. Linatseguka lokha pakati. Khadi lapinki linali mmenemo, lopindidwa kawiri.

Sanalipereke. Analitambasula, naloza kabokosi kakang'ono ka mkati, kolembedwa ndi inki yofwifwa.

"Apa. Anamwino analemba apa kuti mkulu wanga anali ndi kachilombo pamene ankabereka mwanayu. Damaris sadziwa. Iye amadziwa kuti amake anamwalira ndi chifuwa. Mwanayo alibe, Madamu, anamuyeza katatu, Mulungu anamutchingira. Zalembedwa pansipa. Koma chithunzi chikalowa m'mafoni, ndani awerenge mpaka pansi? Chifika ku Kambombo ife tisanafike. Azimuloza pa mjigo. Anzake azikana kumwera naye kapu imodzi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Nditamva bambo aja akuti kunja ndi mkati, ndinachita mantha. Ndinati bola asathamange. Alira sabata imodzi, aiwala."

"Saiwala," anatero Mayi Irene mofatsa. "Mwamuona mmene waimira paja? Ndipo pali munthu wakhala pa ndowa, mwana wake akumva anthu akutchula atate ake wakuba."

A Vainess anaphimba nkhope. "Ndamva. Ndimafuna kuimirira ndiulule, koma ndimaopa."

"Mng'ono wanga, chimene mumaopa ndi choona, ndipo mwanayo mumamukonda. Koma Ambuye safuna kuti titchinjirize mwana mmodzi pomanga atate a mwana wina. Pali ntchito ziwiri apa. Ya khadi ndi yanga ndi a Sisita: kabokosi aka sikalowa m'foni ya munthu, ndikulonjezani pamaso pa Mulungu. Ya a Friday ndi yanu. Imeneyo sindingakugwirireni."

"Andifunsa chifukwa."

"Chifukwa ndamva ine. Chakwana."

Mayi Irene anaimirira natambasula dzanja. Inali twente tu teni.

*

A Vainess anaima patsogolo pa tebulo, makolo onse akuwayang'ana. Mawu amene ankadzaza tchalitchi chonse anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Khadi linali kwa ine. Ndinalitenga ndekha m'chitini. A Friday sanalikhudze. Atate ake Juliet, ndakulakwirani, ndinakhala chete anthu akukunenani. Mundikhululukire."

Phokoso linabuka. "Inu? Amake omwe?" "Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa chake ndamva ine," anatero Mayi Irene ndi mawu aja ankakhazika nawo chete kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu. "Ndi nkhani ya m'nyumba mwawo, ndipo yatha. Amene anafuula dzina la a Friday akudzidziwa. A Friday ali apo, akudikira."

A Friday anaimirira pa ndowa paja. Anayang'ana a Vainess nthawi yaitali. Kenako anapumira m'mwamba.

"Amama, chimene chingapangitse inu kuba, ine sindifuna n'kuchidziwa komwe. Chiyenera kukhala cholemera. Zatha." Anatembenukira kwa wapolisi. "A Oscar, mkono wanga mwamaliza nawo? Ndikufuna ndikaombere m'manja."

Mayi amene anayamba kufuula uja anabwera ataweramitsa mutu. Juliet anatuluka kuseri kwa mtengo n'kukakamira malaya a atate ake.

Mayi Irene anali atanong'oneza kale Sisita Cathrine mawu awiri atatu. Namwinoyo sanafunse zambiri. Anakoka mbale ya mapini amene ankamangira manambala pa malaya a ana.

"Azimayi, bwerani! Khadi lililonse lipindidwe, pini kumwamba, pini kumunsi. Dzina ndi tsiku lobadwa zikhale kunja. Onse, osasiya ngakhale limodzi. Fulumirani!"

Manja khumi anagwira ntchito. Pamene mkulu wa ku Chipata ankakhala pa tebulo ndi foni yake, anapeza makhadi makumi atatu ndi limodzi, onse otseka mofanana, la Damaris lili pakati pa anzake.

"Ichi n'chiyani? Tsegulani."

"Awe, abwana," anatero Sisita Cathrine. "Inu mukufuna zaka. Tsiku lobadwa lili kunja, chidindo cha kiliniki chili kunja. Zamkati ndi za mwana ndi namwino wake. Ine makhadi awa ndimalemba tsiku lililonse, sindingawaonetse kwa aphunzitsi a chigawo chonse. Khadi la mwana wanu mungalole?"

Bamboyo anayang'ana namwino, anayang'ana azimayi amene anaima kumbuyo kwake ngati khoma, kenako anayang'ana wotchi. Inali faifi tu teni.

"Kunja kokha," anatero. "Bweretsani loyamba."

*

Liwiro la atsikana la mamita mazana anayi linali lomaliza. Dzuwa linali litafika pamutu, mizere ya phulusa ikuwala mpaka kuthobwa m'maso. Atsikana asanu ndi mmodzi anagwada pa mzere. Damaris anapukuta mapazi ake pa udzu, nayang'ana kumene kunali amayi ake aang'ono. A Vainess anakweza dzanja.

Mayi Irene anaimba wezulo.

Juliet anatuluka ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Tsiku limenelo sankathamangira Chipata yekha, ankathamangiranso dzina la atate ake. Pa kona yoyamba anali patsogolo. Pa mzere wautali wa kutsidya anali patsogolobe, ndipo bwalo lonse linaimirira.

"Juliet! Juliet mwana wanga!" A Friday ankathamanga m'mbali mwa bwalo, phulusa likufuka m'manja. "Lero akuone msana iwe!"

Pa kona yomaliza Damaris anatambasula miyendo ija. Sanaoneke ngati wawonjezera mphamvu, koma dziko linkangofupika pansi pake. Anamupeza Juliet, anayenda naye phewa ndi phewa masitepe khumi, makumi awiri.

"Juliet! Damaris! Aa, Mulungu wanga, thamangani nonse!"

Chingwe chimene a Oscar anagwira chinagwa pachifuwa cha Damaris. Juliet anali kumbuyo ndi sitepe imodzi yokha, pafupi kuposa kale lonse. Atsikana awiriwo anagwera pa udzu atakumbatirana, akupuma ngati mivukuto.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Mkulu wa ku Chipata anayang'ana wotchi yake kawiri, napukusa mutu, nalemba dzina. Sisita Cathrine, amene anthu sanamuonepo akuvina, ankavina ndi chitini pamutu. Mayi Irene anangoima pamene anaimbira wezulo, milomo ikuyenda. Zikomo, Atate. Mwabweza zonse, palibe chatayika.

Woyamba kufika pa atsikanawo anali a Friday. Anadzutsa Juliet namupsompsona pamutu. Kenako anagwira Damaris m'mapewa ndi manja onse awiri.

"Iwe mwana wa miyendo ya sekondale, ukapite ku Chipata ukawaonetse msana umenewu. Ife tatopa nawo."

Atamusiya, pa malaya ofiira a Damaris panatsala zikhatho ziwiri zoyera, zala zonse khumi zikuoneka. Anthu anaziona, naseka, ndipo ena anaseka akuyang'ana pansi.

Pansi pa bwemba, a Vainess anataya mphira ija m'thumba. Anatsegula buku, nalitsitsa kuti tiana tione, naika chala pa mzere woyamba wa ndime yachitatu. Ulendo uno mawu anatuluka onse.